Muyeso wa Ndiwo Zamasamba ndi Zipatso

Abale, kamulu kamodzi ka repu kogula pamsika wa ku Kanyama kapena ku Chawama kamadyetsa banja lonse, ndipo timati tadya ndiwo. Koma kodi tadya zokwanira thupi, kapena tangonyowetsa mbamu ya nsima?

Muyeso wace. M'caka ca 2003 bungwe la WHO linalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu 400 a zamasamba ndi zipatso tsiku liri lonse, ndiwo magawo 5 a magalamu 80. Gawo limodzi ndilo nthoci imodzi, kapena masupuni akulu 3 odzaza ndi cibwabwa cophika. Mbatata ndi cinangwa sizilowa m'ciwerengero ici.

Mayesedwe ace. M'caka ca 2017 ofufuza a STEPS anayendera nyumba m'Zambia, nafunsa akulu masiku amene amadya zimenezi pa sabata, ndi magawo amene amadya pa tsiku. Anapeza kuti anthu 9 mwa 10 sanali kufika pa magawo 5.

Cifukwa cace. Kuperewera kotere kumatsegulira khomo nthenda za mtima ndi sitiroko, zimene zimacotsa pakhomo wosamalira ana.

Cocita. Musapeputse bondwe, kalembula ndi delele, pakuti nzotsika mtengo. Idyani mango ndi masuku m'nyengo yace. Wosowa dimba abzale repu m'thumba lodzaza dothi.

Funso: Werengani zimene munadya dzulo. Kodi magawo anali angati?