Phunziro 14: Fungo la Petulo

Galimoto yakale ikhoza kununkha petulo, koma pansi osaoneka dontho. Kodi petuloyo akuthawira kuti?

Kukatentha, petulo amasanduka mpweya m'thanki. Mpweyawo umadutsa m'mapaipi, nukalowa m'kachitini ka makala. Awa si makala ophikira. Ntchito yawo ndi kusunga mpweyawo. Injini ikalira, imaukoka ndi kuutentha.

Tikamva fungo, tidziwe kuti penapake pabooka. Ndalama zathu zikuuluka, ndipo moto uli pafupi.

Tifufuze motere:

1. Tizimitse injini, tidikire izizire. Tigwire ntchitoyi panja, masana.
2. Tiyambe ndi chotsekera thanki. Labala wake akang'ambika, tigule china.
3. Titsatire mapaipi ndi zala. Yong'aluka tiichotse, tiikepo ina yopangidwira petulo.
4. Tione kachitini. Kakanyowa ndi petulo, tipite nako kwa makanika.

Pothira petulo, pampu ikaima yokha tisawonjezere. Petulo wosefukira amawononga makalawo.

Machesi, fodya ndi koloboyi zikhale kutali.

Tikambirane: N'chifukwa chiyani timayamba ndi chotsekera?

Tilembe: petulo, mpweya, paipi, makala, moto.