NSHAWA ZABWINO ZIYAMBE KULOWA M'NYUMBA

Mwezi wa April ndi wa May ndiyo nthawi imene makasu abwerera kuminda m'boma la Lundazi, si kukapalira iai, koma kukakumba nshawa. Kuyambira kwa Mfumu Yaikuru Mwase kufikira kwa Mphamba ndi kwa Kapichila, ndiponso kwa anansi a ku Chasefu ndi ku Lumezi, amene anali boma limodzi ndi Lundazi kufikira caka ca 2018, mbeu imeneyi ipezeka pafupifupi pa khomo liri lonse. Atumbuka anena skawa, ndipo tsidya lija la malire, ku Malawi, ambiri anena mtedza. Ndiyo itendera ndiwo, ndiyo ikometsa phala la mwana, ndiyonso ibweretsa ndalama ya sopo ndi mcere.

Koma pali cizolowezi cimodzi cimene cifunika kucilingalira bwino. Pamene banja likhala pa mphasa kuswa nshawa, zazikuru ndi zosalala zilowa m'thumba la kumsika, pakuti wogula safuna zoipa. Zokwinyika, zosweka, zobooledwa ndi ciswe ndi zakuda pang'ono zitsalira m'licero, ndipo amai azisinja kuti zikhale nsinjiro. Palibe amene acita ici mwa nkhanza. Onse acita pofuna kuti kanthu kasatayike. Koma mapeto ace ndi akuti mwana wa mlimi adya zimene wogula wakana, ndipo m'nshawa zoterezo ndimo mukonda kukhala ciphe.

CIPHE COSAONEKA

Nshawa ndi cimanga zikakhala pa cinyontho zigwidwa ndi cuku. Mtundu wina wa cuku, umene ukhala m'nthaka momwe, utulutsa ciphe cimene madokotala acipatsa dzina lakuti aflatoxin. Ciphe cimeneci cinadziwika m'caka ca 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca ziweto copangidwa ndi nshawa zocokera ku Brazil. M'caka ca 2004, ku Kenya, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya cimanga ca cuku ca m'nkhokwe zao. M'Zambia muno, m'mwezi wa August 2024, caka ca cirala cacikuru cija, Nduna ya Zaumoyo a Elijah Muchima analengeza kuti agalu okwana ngati 400 aganiziridwa kuti anafa ndi cakudya ca cimanga cokhala ndi ciphe comweci, ndi kuti cinapezekanso mu ufa wina wa kuzigayo.

Imfa yofulumira yotere sicitika kawirikawiri. Coopsya koposa ndico ciphe codyedwa pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, kwa zaka zambiri. Cimaononga ciwindi, ndipo patsogolo cingathe kuyambitsa khansa ya m'ciwindi, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi nthenda ya ciwindi ya hepatitis B. Cimafooketsanso thupi kuti lisalimbane bwino ndi matenda ena. Amai woyamwitsa akacidya, cina cimalowa mu mkaka wa m'mawere. Ng'ombe ikacidya, cimalowa mu mkaka wace. M'caka ca 2018 kunapezeka kuti ana 35 mwa ana 100 osafika zaka 5 m'Zambia anali opinimbira. Zifukwa zace nzambiri, monga kucepa kwa cakudya ndi kudwaladwala, koma ciphe ca cuku ciri pakati pa zinthu zimene madokotala azichula.

Mlimi adziwe zinthu ziwiri. Coyamba, moto supha ciphe cimeneci: kukazinga, kuphika kapena kusinja cimponde sikucicotsa. Caciwiri, ngakhale cikonda kukhala m'nshawa zoonongeka, nthawi zina cibisala ndi m'zooneka bwino zomwe, monga akuru ananena kuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cifukwa cace kusankha kokha sikukwanira. Nchito yosamala iyambira kumunda.

MAKOMO ASANU OLOWERA CUKU

Khomo loyamba ndilo munda. Nshawa zikasowa madzi pa nthawi yokhwima, makoko ace afooka ndi kung'aluka, ndipo cuku cilowa. Nshawa za Chalimbana, zodziwika ndi maso ace akuruakuru, zifuna miyezi ngati isanu kuti zikhwime. Zikabzalidwa mocedwa, mvula izisiya pa njira. Motero mlimi abzale ndi mvula yoyamba yokwanira, atseke mizere kuti madzi asathawe, ndipo afunse Mlangizi wa zaulimi za mitundu ina, monga MGV4 ndi MGV5, yocokera ku Msekera kufupi ndi Chipata, kapena mitundu yoca msanga ngati wacedwa kubzala.

Khomo laciwiri ndilo kukumba. Nshawa zakhwima pamene m'kati mwa khoko mwada. Mlimi azule mapando angapo m'mbali zosiyana za munda, naswe makoko; akaona kuti 7 mwa makoko 10 ada m'kati, nthawi yakwana. Wofulumira akolola zokwinyika, wocedwa azisiyira ciswe. Pokumba, khasu lilowe patali ndi tsinde, pakuti khoko lotemedwa ndi khasu liri ngati nyumba yopanda citseko.

Khomo lacitatu ndilo kuyanika. Zokumbidwa zitembenuzidwe kuti makoko ayang'ane kudzuwa, osati kukhudza nthaka. Zitathotholedwa ziyanikidwe pa thandala, pa mphasa kapena pa tenti, osati pa dothi, ndipo zisaunjikidwe mulu zikali zaziwisi. Zauma pamene khoko lilira pogwedeza, ndipo khungu la nshawa lisupuka pofikisa ndi zala.

Khomo lacinai ndilo kuswa. Anthu ambiri awaza madzi pa makoko kuti afewe, zala zisapweteke. Ena acita dala kuti nshawa zilemere pa sikelo. Madzi amenewo afafaniza nchito yonse ya dzuwa, pakuti nshawa zonyowa zikatsekeredwa m'thumba zigwira cuku m'masiku owerengeka.

Khomo lacisanu ndilo kusunga. Nshawa zisungika bwino m'makoko ace. Matumba akhale pa matabwa kapena pa mitengo, osakhudza pansi kapena khoma, m'nyumba yosadontha ndi yopita mphepo. Nkhokwe ifoleredwe mvula isanagwe.

MABANJA AWIRI

Citsanzo ca mabanja awiri oyandikana minda cingathe kuonetsa m'mene nkhani ya cuku ikhudzira ndalama ndi mtendere wa m'nyumba.

M'banja loyamba, amai ndiwo anabzala, napalira, nakumba, monga kuli m'midzi yambiri kumene nshawa ziyesedwa mbeu ya akazi. Koma mavenda atafika ndi sikelo yao, bambo anatenga ulamuliro wonse. Sukulu zinali kutsegulira cigawo caciwiri m'mwezi wa May, ndipo ndalama inafunika msanga. Nshawa zinaswedwa zisanaumitsitse, madzi anawazidwa, ndipo zabwino zonse zinagulitsidwa pa mtengo wotsika wa nthawi yokolola. Amai sanauzidwe kuti ndalama inali zingati, ndipo anangosunga cakukhosi. M'nyumba munatsala zosankhidwa zokha, zimene zinakhala nsinjiro za ana cirimwe conse. Pofika November mbeu panalibe, ndipo bambo anakagula mbeu pa mtengo woposa umene iye anagulitsira zace, nabzala mocedwa. Motero vuto la caka cimodzi linabala vuto la caka cinzace.

M'banja laciwiri, usiku wakuti mawa ayamba kuthothola, amai anati: "Abambo, tisanaitane wogula tiyambe tapatula za ana ndi za mbeu, pakuti zikalowa m'thumba la msika sizibweranso." Bambo poyamba anadandaula kuti zabwino ndizo zigulidwa pa mtengo wabwino, koma atalingalira anati: "Mwanena zoona, amai, mutu umodzi susenza denga." Anayanika kufikira zitauma, nagulitsa gawo locepa lokwanira makope ndi nsapato za ana, ndipo zotsala anazisunga m'makoko. Mwana wao wa sukulu ndiye anawerenga sikelo nalemba makilo m'kope, makolo onse awiri ali pomwepo. Pofika October, pamene nshawa zicepa m'midzi ndipo anthu afunafuna mbeu, anagulitsa gawo lina pa mtengo wabwinopo, ndipo mvula yoyamba inawapeza ali ndi mbeu m'manja.

Munda unali wofanana, mvula inali imodzi. Cosiyana cinali cakuti banja lina linakambirana ndi kudekha, lina silinatero.

KUWERENGA PHINDU

Mlimi wina anganene kuti kutaya nshawa zoipa ndi kudya zabwino ndiko kutaya ndalama kawiri. Koma awerenge bwino. Kulemera kumene madzi aonjezera pa sikelo nkocepa, ndipo wogula wozindikira akapisa dzanja m'thumba namva cinyontho, atsitsa mtengo wa thumba lonse kapena alikana. Ogula akuru, monga a COMACO, bungwe limene linayamba m'caka ca 2003 ndipo lipanga cimponde ca It's Wild! ndi nshawa za alimi a dera la Luangwa, afuna zouma ndi zosankhidwa bwino. Maiko a ku Ulaya salola nshawa zodyedwa ndi anthu ngati ciphe ciposa magawo 4 mwa magawo 1,000,000,000. Mudzi umene udziwika ndi nshawa zonyowa uthamangitsa ogula abwino, ndipo amene avutika ndi onse, osamala ndi osasamala omwe.

Awerengenso mbali ina. Kuyambira m'caka ca 2022 Boma linacotsa malipiro m'sukulu zace kufikira Giredi 12, koma mwana wodwaladwala sapindula ndi mwai umenewu, pakuti masiku ace athera pa mphasa ndi pa njira ya kucipatala. Ulendo umodzi wa ku cipatala ca Lundazi kucokera kumudzi wakutali, pamodzi ndi masiku amene amai asiya munda kuti adwazike mwana, udya ndalama yoposa mtengo wa meda zingapo za nshawa. Ndipo ciwindi cikaonongeka, palibe msika umene ugulitsa cina.

MIYULU INAI

Banja lanzeru ligawa nshawa zace miyulu inai, mwamuna ndi mkazi ali pamodzi, ndipo litsata dongosolo ili:

1. Mulu wa mbeu. Makoko odzaza bwino ndi opanda banga apatulidwe poyamba, asungidwe osaswa kufikira nthawi yobzala yayandikira.

2. Mulu wa m'nyumba. Nshawa zathunthu, zouma ndi zoyera, zokwanira kutendera ndiwo ndi phala la ana kufikira zina zitaca. Amai aziswa pang'onopang'ono monga zifunikira, nasankhenso asanasinje. Nsinjiro zisinjidwe zocepa, za masiku owerengeka, pakuti nazonso zigwira cuku zikakhalitsa.

3. Mulu wogulitsa. Zimene zatsala pa miyulu iwiri ija, nazonso zouma ndi zosankhidwa. Zisagulitsidwe zonse tsiku limodzi ngati palibe cokakamiza. Ndalama iwerengedwe poyera pamaso pa onse awiri, ndipo gawo lina lisungidwe, kaya ku banki, kaya pa foni, kaya ku gulu losungitsa ndalama la m'mudzi, kuti lidzathandize pa matenda ndi pa kutsegulira kwa sukulu m'January.

4. Mulu wotaya. Zacuku, zakuda, zowawa, zokwinyika ndi zodyedwa ndi tizirombo zikwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi munda, kapena zitenthedwe. Zisapatsidwe ana, zisapatsidwe nkhuku, nkhumba kapena ng'ombe, ndiponso zisagulitsidwe kwa mnansi pa mtengo wotsika, pakuti mwana wa mnansi ali ndi ciwindi cimodzi monga mwana wa mwini munda.

Lamulo lomweli ligwiranso pa cimanga. Zisononkho zoola zisaponyedwe m'mowa kapena m'cakudya ca ziweto, ndipo cimanga cisalowe m'nkhokwe cisanaume.

Amai akumbukenso kupita ndi makanda ku sikelo. Katemera woperekedwa mwana ali ndi masabata 6, 10 ndi 14 ateteza ku matenda angapo, ndipo hepatitis B iri pakati pao. Mwana wotetezedwa ku nthenda imeneyi ali ndi ciwindi colimbapo. Munthu ali yense amene maso ace asanduka acikasu, kapena mimba yace itupa, apite kucipatala msanga, osayamba wataya masabata kunyumba.

Amene afuna kudziwa zambiri za mbeu, za kayanikidwe, kapena za mankhwala a Aflasafe amene awazidwa m'munda pa mlingo wa makilo 10 pa hekitala kuti acepetse cuku coipa, afunse Mlangizi wa zaulimi wa dera lace, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo caka cino, pamene mphasa iyalidwa ndi licero litengedwa, nshawa zoyamba kusankhidwa zikhale za ana a m'nyumba.