Phunziro la Mwezi Uno: Kodi Sola Yanu Ingapirire Matalala ndi Mphepo?

Nyengo ya mvula yayandikira. Mabanja ambiri mumsasa muno amadalira sola powunikira m'nyumba, potchaja foni ndiponso pothandiza ana kuwerenga usiku. Ndalama yogulira panelo ndi batire imasonkhanitsidwa kwa miyezi yambiri, choncho chikawonongeka chimodzi, banja limabwerera mumdima. M'phunziro lino titengera chitsanzo ku Pumula, dera lomwe lili kumadzulo kwa mzinda wa Bulawayo ku Zimbabwe.

Chifukwa chiyani Pumula?

Kumapeto kwa chaka cha 2022 madzi atachepa m'damu la Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku m'madera ambiri a Zimbabwe. Mabanja ochuluka m'mizinda anayamba kudalira sola. Ku Bulawayo chilimwe chimakhala cha fumbi, mwezi wa Okutobala kumatentha kwambiri, ndipo mvula yoyamba nthawi zina imabwera ndi mphenzi, mphepo ndi matalala. Mavuto amene panelo imakumana nawo pa denga la ku Pumula ndi omwewo amene imakumana nawo pa denga lanu.

1. Matalala

Pamwamba pa panelo yabwino pamakhala galasi lolimba, lokhuthala pafupifupi mamilimita 3.2. Mtundu wa panelo usanavomerezedwe pa muyezo wapadziko lonse wotchedwa IEC 61215, akatswiri amaiwombera ndi timipira ta ayisi ta mamilimita 25, kukula ngati chitsekerero cha botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Timipirato timathamanga mamita 23 pa sekondi ndipo timamenya malo 11 osiyanasiyana. Galasi likasweka, paneloyo yalephera mayeso.

Mu Meyi 2017 ku Golden, m'chigawo cha Colorado ku America, kunagwa matalala amene anaswa magalasi a magalimoto. Pamalo ofufuzira za mphamvu otchedwa NREL panali mapanelo oposa 3,000, koma inasweka imodzi yokha. Komabe matalala aakulu ngati dzira angathe kuswa ngakhale panelo yabwino. Mu Malichi 2024 matalala anawononga mapanelo ambirimbiri pa munda wa sola wa Fighting Jays ku Texas.

Dziwaninso kuti nthawi zina galasi limaoneka bwinobwino pamene tizigawo ta mkati tang'aluka. Chizindikiro chake n'chakuti batire imachedwa kudzaza ngakhale dzuwa likuwomba bwino.

2. Mphepo

Mphepo ikalowa pansi pa panelo imainyamula ngati lata losakhomedwa. Kutsindikiza panelo ndi miyala kapena njerwa, monga ambiri amachitira, n'koopsa chifukwa njerwa zomwezo zingagwere mwana. Mangani panelo ndi mabawuti pa felemu yachitsulo, ndipo felemuyo igwire mitanda ya denga, osati lata lokha. Musaike panelo m'mphepete kapena pakona ya denga, popeza m'pamene mphepo imakoka mwamphamvu.

Nyumba zambiri zakale ku Pumula n'zofoleredwa ndi asibesitosi. Denga lotere limasweka munthu akapondapo, ndipo fumbi lake limawononga mapapo. Musaliboole kapena kulicheka nokha. Ngati denga lanu ndi la udzu, la pulasitiki kapena lofooka, ndi bwino kuika panelo pa mtengo wolimba kapena pa felemu yapansi. Kumbukirani kuti namondwe wa Idai mu Malichi 2019 anagwetsa nyumba ku Chimanimani ndi Chipinge, kuphatikizapo mumsasa wa Tongogara. Denga likapita, panelo imapita nalo limodzi.

3. Kutentha ndi fumbi

Panelo imafuna kuwala kwa dzuwa, osati kutentha. Mphamvu yolembedwa kumbuyo kwake imayezedwa pa madigiri 25. Digiri iliyonse yopitirira pamenepo imachepetsa mphamvuyo ndi pafupifupi 0.4 peresenti. Choncho panelo yotentha madigiri 65 pa lata masana imataya pafupifupi 16 peresenti. Siyani mpata wokwana chikhatho pakati pa panelo ndi denga kuti mpweya uzidutsa.

Fumbi ndi zitosi za mbalame zimatchinga kuwala. Ku Bulawayo madzi a m'mipopi amagawidwa mosinthanasinthana, monganso madzi amavutira mumsasa, koma kutsuka panelo sikufuna madzi ambiri. Kapu imodzi kapena ziwiri ndi nsalu yofewa zikwanira panelo yaing'ono. Tsukani m'mamawa galasi lisanatenthe. Musagwiritse ntchito mchenga, phulusa kapena waya wokwechera mapoto.

4. Mphenzi ndi madzi

Mphenzi ikagwa pafupi, mphamvu yake imatha kudutsa m'mawaya n'kupsereza kontirola kapena inveta. Mabingu akayamba, chotsani mafoni pa chaja ndipo musakwere padenga. Pa sola yaikulu, wodziwa zamagetsi alumikize felemu ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka. Batire isungidwe pamalo ouma, pamthunzi, podutsa mpweya, pamwamba pa thabwa, kutali ndi mbaula ndiponso ndi ana.

Zoyenera kuchita mvula isanayambe

Yang'anitsani panelo kumpoto, chifukwa tili kum'mwera kwa equator. Ku Bulawayo ipendekeke pafupifupi madigiri 20. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa ku Malawi, pafupifupi madigiri 15. Panelo yopendekeka imatsukika ndi mvula ndipo matalala saimenya mwachindunji.

Limbitsani mabawuti onse ndipo onani ngati makoswe sanatafune mawaya.

Ngati panelo yanu ndi yaing'ono yonyamula m'manja, ilowetseni m'nyumba mukangoona mitambo yakuda.

Pogula, werengani chipepala chakumbuyo. Funani mawu akuti IEC 61215, dzina la kampani ndi nambala ya paneloyo. Pemphani lisiti ndipo muisunge.

Panelo ikasweka

Panelo yosweka imapitiriza kutulutsa magetsi dzuwa likamawomba. Musaigwire ikanyowa. Mvula ikatha, iphimbeni ndi katoni kapena bulangete louma, muletse ana kuyandikira, kenako itanani wodziwa zamagetsi. Musataye batire kapena panelo m'chimbudzi, kudzala kapena pamoto. Funsani ku ofesi ya msasa kumene mungakasiye.

Mafunso okambirana pabanja

Kodi panelo yathu yamangidwa pa chiyani? Kodi ndani adzailowetse m'nyumba mvula ikabwera akuluakulu kulibe? Kodi lisiti yathu ili kuti?

Panelo yabwino yosamalidwa imatha kugwira ntchito zaka 25. Werengerani phunziroli anansi anu amene sadziwa kuwerenga, ndipo muyendere madenga anu sabata ino.