Mtima Ukakula, Mapapo Amapanikizika

Tikakhala pa maphunziro a m'wodi pa chipatala cha boma cha Chiradzulu kapena ku Nguludi, wodwala akabwera akutsokomola ndi kubanika, ambirife timathamangira kuganiza za TB. Nzosadabwitsa, chifukwa HIV ndi TB zavuta kwa nthawi yaitali m'bomali, kumene bungwe la MSF linayamba kupereka ma ARV mu 2001. Koma nthawi zina mapapo amavutika chifukwa cha mtima.

Chifuwa chili ngati bokosi. Nthiti, msana ndi mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba zimaika malire, ndipo mtima ndi mapapo zimagawana malo omwewo. Mtima ukafooka kwa nthawi yaitali, kaya chifukwa cha BP, matenda a mavavu otsatira zilonda zapakhosi zosachizidwa, kapena kufooka kobwera mayi atangobereka, umakula. Malo amene watenga amachotsedwa ku mapapo, makamaka kumunsi kwa phapo lakumanzere. Pa spirometer timaona kuti mpweya wonse umene munthu angatulutse wachepa.

Chachiwiri, mbali yakumanzere ya mtima ikalephera kupopa bwino, magazi amadzazana m'mitsempha ya m'mapapo ndipo madzi amayamba kuchucha. Mapapo amalemera, satambasuka msanga. Wodwala amapuma mofulumira koma mosazama, kupitirira ka 20 pa mphindi.

Nanga tizindikira bwanji? Tifunse kuti, "Kodi agogo, mumagona bwanji usiku?" Munthu akagona chagada, magazi a m'miyendo amabwerera ku chifuwa ndipo phuma limakula, choncho ambiri amagona chotsamira kapena amadzidzimuka usiku akusowa mpweya. Tione miyendo ngati yatupa ndiponso mitsempha ya m'khosi. Pa ekisire yojambulidwa wodwala ataimirira, mtima ukaposa theka la kutambalala kwa chifuwa, ndiye kuti chilipo. Komabe tisaiwale kuti TB nayo imadzaza madzi m'thumba lokuta mtima, chithunzi n'kuoneka chimodzimodzi. Sikani ya mtima ndiyo imasiyanitsa, ndipo ena amatumizidwa ku Queens ku Blantyre.

Furosemide amachotsa madzi, enalapril amapeputsa ntchito ya mtima. Uthenga wathu wa zaumoyo nawo uli ndi malo apa: kuchepetsa mchere, kusiya fodya ndi mowa, ndi kuyezetsa BP. Wodwala wobanika akadzakhala patsogolo pathu, tidzamvetsere mapapo, kenako tifufuzenso mtima.