Makalata a Omvera: Ndodo za Gofu Zondipatsa Zikundikana

Zikomo achimwene a ku Mpingu chifukwa cha kalata yanu. Mwati mumanyamulira osewera zikwama ku Lilongwe Golf Club, ndipo bwana wina anakusiyirani ndodo zake, koma mukamenya, mpira ukuyenda chapansipansi n'kukhotera kumanja.

Musafulumire kudziona olephera. Yang'anani pa shafiti, thunthu la ndodoyo, nthawi zambiri pamakhala chilembo. L ndiye yofewa kwambiri, kenako A, R, S, mpaka X yolimbitsitsa. Ngati mwapeza S kapena X pomwe mkono wanu suthamanga kwambiri, ndodoyo sikupindika mokwanira, n'chifukwa chake mpira ukukana kukwera. Yesani R, makamaka ya girafaiti, popeza imapepuka kuposa yachitsulo.

Tsono za kudula ndodo mwafunsazi, chonde samalani. Monga mpini wa khasu, ndodo iyeneradi kulingana ndi msinkhu wanu, koma dulani kumtunda kogwirira, pang'ono chabe, muvekenso labala watsopano. Mukadula kumunsi, kufupi ndi mutu, ndiye iumiratu, vuto lanu likule.

Musanagwire sowo, bwerekani kaye R kwa mnzanu, mumenye mipira ingapo mphunzitsi wa pakalabupo akuonerera.