Kudzutsa Vaneti Imene Yagona Zaka Zambiri

Amene munaphunzira pano zaka zapitazi mukuikumbukira vaneti yoyera imene inkakhala pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa khola la mbuzi. Ena a inu munkayanika zovala pa zitseko zake, ndipo nkhuku zinaswa anapiye pampando wa woyendetsa kangapo konse. Galimotoyo ndi Toyota Hilux ya dizilo, ya injini imene amaitcha 2L, ndipo inagona pamalo amodzi zaka 6. Mwezi wathawu inadzuka, nisenza matumba a soya kuchokera kumunda wa kumtunda kufika pankhokwe popanda woikankha.

Tasankha kulembapo phunziro chifukwa funso limodzi lakhala likutifika kuchokera kwa ophunzira athu akale, wina wa kwa Mlolo, wina wa kwa Zingalume, wina wa kufupi ndi Chanida. Munthu wagulitsa soya kapena mtedza, ndalama zili m'manja, ndipo mnansi akumuonetsa vaneti yokhazikidwa pa zipika, nati palibe chovuta, ndi batire lokha limene linatha. Kodi agule? Yankho tinalipeza titaonongapo ndalama zathu zomwe, ndiye tilinena mosabisa.

Anyamata ena atisonyeza pa foni zithunzi za ku America, kumene anthu amatenga mavaneti akale a Ford ndi Chevrolet a m'ma 1940 ndi 1950, kuikamo injini yaikulu, kuwatsitsa mpaka atatsala pang'ono kukhudza nthaka, ndi kuwapaka utoto wonyezimira. Amawatcha hot rod. N'zokongola m'maso, koma galimoto yotsitsidwa chotero ingasiye mimba yake pa mwala woyamba wa m'misewu yathu ya m'midzi. Chimene tingatengereko kwa anthu amenewo ndi kuleza mtima kwawo: amamasula, amatsuka, amayang'ana chitsulo chilichonse asanalize injini. Ife timafuna galimoto yonyamula katundu ndi yoima pamene tayiuza kuti iime, ndipo utoto ungathe kudikira.

Mapepala ndi chesisi

Ntchito yoyamba siifuna sipanala. Pemphani buku la umwini wa galimoto, limene ambiri timalidziwa kuti white book, ndipo muyerekeze manambala olembedwa m'menemo ndi amene anadindidwa pa chesisi ndi pa injini. Dera lathu lino la Chadiza lili m'malire ndi Mozambique, Malawi nayenso sali kutali, ndipo magalimoto olowa m'njira zachidule sasowa. Galimoto yopanda mapepala, ngakhale ilire mokoma, idzangokhala yoyenda m'minda. Musanapereke ngwee ndi imodzi yomwe, kafunseni ku RTSA ku Chipata kuti mwini wake ndani m'mabuku mwawo, ndiponso ngati pali ngongole ya msonkho wa pamsewu ya zaka zimene inaima. Kusintha dzina, msonkho, inshuwalansi ndi chiphaso cha fitinesi, zonsezi ndi mbali ya mtengo wa galimotoyo, ngakhale wogulitsa sazitchula.

Mukatero lowani pansi ndi kanyundo. Gogodani chesisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pamene pamangidwa masipuling'i. Chitsulo chamoyo chimalira ngati belu, pamene chodyedwa ndi dzimbiri chimayankha mogontha ndipo chimayoyoka. Mavaneti a alimi amadwala nthenda imene a m'tauni saidziwa: feteleza. Urea ndi Compound D zikatayikira kumbuyo, mvula n'kuzisungunula, madziwo amatsikira pa chesisi ndi kuidya chaka ndi chaka. Injini yakufa imakonzeka, koma chesisi yowola pomangira masipuling'i si yoti muikepo ndalama za ana anu. Yathuyi inapulumuka chifukwa inkanyamula kwambiri nkhuni ndi udzu wa ziweto.

Pa Luka 14:28 Ambuye anaphunzitsa za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo. Khalani pansi inunso ndi makaniko amene si m'bale wa wogulitsa, mulembe zonse zofunika kugula, ndipo pa chiwerengero chimene mwapeza muonjezepo theka lake. Ngati ndalamayo ikulowerera ya mbewu, ya feteleza kapena ya sukulu, isiyeni galimotoyo pa zipika zake.

Kulakwa kwathu

Zaka 2 zapitazo tinayesa koyamba kuidzutsa. Tinabwereka batire la thirakitala, tinathira dizilo malita 5 pamwamba pa wakale, ndipo tinatembenuza kiyi. Inatsokomola, inatulutsa utsi, kenako inalira. Ophunzira anaomba m'manja, ifenso tinasekerera ngati tachita chanzeru. Pasanathe mphindi 10 tinamva kugunda kumodzi kouma, injini n'kukhala chete.

Injini ya 2L ili ndi lamba wa mano, wobisika kuseri kwa chivundikiro cha kutsogolo, amene amagwirizanitsa kuyenda kwa mapisitoni ndi kutseguka kwa mavalavu. Opanga amati azisinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, koma mphira amakalamba ngakhale galimoto itaima. Wathu anali atauma, ndipo ataduka mapisitoni anagunda mavalavu amene anali otseguka. Mutu wa injini unapita ku Chipata kukakonzedwa, ndipo ndalama imene tinaikira padera anapiye a nyama a chaka chimenecho inathera pamenepo. Lamba watsopano akanatidyera kachigawo kochepa chabe ka ndalama imeneyo. Tinachita manyazi kufotokoza zimenezi pamaso pa komiti, ndipo galimotoyo inagonanso chaka china.

Kadzutsidwe ka injini

Ulendo wachiwiri tinayamba ndi kutsuka. Makoswe anali atamanga chisa m'bokosi la sefa ya mpweya ndipo anali atatafuna mawaya awiri. Mavu anali atamata dothi m'paipi yopumira. Injini ya dizilo imameza chilichonse chimene chili m'njira ya mpweya, choncho njira imeneyo iyenera kuyera musanachite china.

Kenako tinachotsa mapulagi otenthetsa onse 4, tinadonthezera oyilo pang'ono m'bowo lililonse, ndipo tinaisiya masiku awiri. Tsiku lachitatu tinagwira ndi sipanala bawuti yaikulu ya kutsogolo kwa injini, pa gudumu limene pamadutsa malamba, ndipo tinazungulitsa injini ndi manja kawiri kathunthu. Ikazungulira mosalala, pali chiyembekezo. Ikakana, musaikakamize ndi batire kapena kuikoka ndi thirakitala, pakuti mudzathyola mphete za mapisitoni. Onjezerani oyilo, dikirani, ndipo muyesenso. Musanabwezere mapulagi, zungulitsani injini kuti oyilo wotsala atuluke, chifukwa madzimadzi sapanikizika ndipo angathe kupinda zitsulo za m'kati.

Oyilo wakale tinakhetsa yense, tinaika sefa yatsopano ndi oyilo wa 15W-40. Yang'anani mtundu wa amene akutulukayo: akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowamo, ndipo vuto lili pa gasiketi kapena pa mutu wa injini. Oyilo wakudayo musataye pafupi ndi chitsime kapena kudimba. Sungani m'chigubu chotseka. Lamba wa mano anaikidwa watsopano pamodzi ndi kagudumu komukokera, ndipo apa tikulangiza kuti pakhale makaniko wodziwa zizindikiro zake, chifukwa kuphonya dzino limodzi kapena awiri kumasokoneza injini yonse.

Thanki ya dizilo tinaitsitsa pansi. Pansi pake tinapezapo madzi, dzimbiri ndi matope akuda. Pampu ya dizilo ndi chiwalo chodula kwambiri pa injini yotere, ndipo m'kati mwake zitsulo zimagwirana mothina kotero kuti kamchenga kochepa kamaipha. Titatsuka thanki ndi kusintha sefa, tinapopa ndi kapampu ka pamwamba pa sefayo mpaka dizilo atatuluka wopanda thovu. Radiyeta tinaitsuka, mapaipi a mphira otupa ndi ong'aluka tinasintha, ndipo tinathiramo madzi oyera osakaniza ndi mankhwala ake, chifukwa madzi a pamjigo okha amasiya miyala yoyera m'kati. Injini za mtundu uwu sizikhululuka zikatenthedwa: mutu umang'aluka. Maso anu azikhala pa kasingano ka kutentha, ndipo chotsekera cha radiyeta musachitsegule injini ili yotentha.

Batire lodzaza bwino limaonetsa mavoti 12.6 pa mita, ndipo injini ikamalira liyenera kuonetsa pafupifupi 14. Tsiku loliza tinakankhira galimoto panja, pakuti utsi wa m'chipinda chotseka umapha mwakachetechete. Mmodzi anaima ndi thabwa losalala pafupi ndi polowera mpweya, kuti injini ikathamanga yokha osamvera kiyi, aitseke mpweya. Inalira pa kuyesa kwachitatu. Kanyali ka oyilo kanazima m'masekondi ochepa, monga kayenera kuchitira. Kakapanda kuzima, zimitsani injini nthawi yomweyo.

Ntchito yonseyi inatitengera milungu 9, popeza tinkaigwira masana tikaweruka kumunda ndi tsiku loyamba la mlungu. Lachisanu dzuwa lisanapendeke zipangizo zinkabwerera m'bokosi kuti Sabata litipeze tasamba m'manja. Tinaona kuti mabawuti ena amene anakana Lachisanu anamasuka mosavuta titawasiya atanyowa oyilo masiku awiriwo.

Mabuleki asanatuluke pachipata

Injini ikalira, mtima umathamangira kumsewu, ndipo apa ndi pamene anthu amafera. Kumbuyo kwa vaneti ya mlimi sikukhala matumba okha. Kumakwera amayi a tomato, ana a sukulu, anthu opita kumaliro. Wotsikira kumtsinje ndi katundu wolemera alibe mwayi wachiwiri ngati phazi lafika pansi galimoto osaima.

Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya. Akakhala zaka, madziwo amadyetsa dzimbiri m'kati mwa masilinda, ndipo potsika phiri lalitali amawira, buleki n'kusanduka mpweya. Tinakhetsa onse, tinamasula mawilo onse 4, ndipo tinapeza masilinda a kumbuyo akudontha, nsapato za mabuleki zitanyowa mafuta. Nsapato zonyowa sizitsukidwa, zimasinthidwa, ndipo zimasinthidwa mbali zonse ziwiri pamodzi kuti galimoto isamakokere kumodzi. Potulutsa mpweya pamafunika anthu awiri, wina wopopa ndi phazi, wina womasula kabawuti, kuyambira pa wilo lakutali kwambiri ndi botolo la mafutawo. Buleki ya pamanja nayo iyenera kugwira galimoto pamtsetse.

Pogwira ntchito pansi pa galimoto musadalire jeke yekha, ndipo musatsamiritse pa njerwa, chifukwa njerwa imaphwanyika mosachenjeza. Ikani zipika za mtengo wolimba ndi miyala yotchinga mawilo.

Matayala athu anali ndi mano okwanira, koma m'mbali anali ndi ming'alu ngati nthaka ya m'dambo mu Okutobala. Pambali pa tayala pali manambala 4 omalizira pa mzere woyamba ndi zilembo DOT: awiri oyamba ndi mlungu, awiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa. Mukaona 2314, tayalalo ndi la mlungu wa 23 m'chaka cha 2014. Werengani manambala amenewa ngakhale pogula matayala ogwiritsidwa kale ntchito. Tinagwedezanso wilo lililonse lili m'mwamba kuti timve ngati pali kulekera, tinapaka girizi m'malo onse olumikizira chiwongolero, ndipo tinayesa nyali, hutala ndi zopukutira galasi, zimene oyesa fitinesi amaziyang'ana. Ulendo woyamba unali wozungulira bwalo la mpira pa liwiro la munthu woyenda pansi.

Kodi idzadzilipira yokha?

Vaneti yotere inapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo anthu okwera pamwamba nawonso ali ndi kulemera kwawo. Timaona ena akusanjika matumba 35, masipuling'i atawongoka ngati ndodo. Ndalama imene apulumutsa pa ulendo umodzi amakaisiya kwa wowotcherera. Kuchokera pa boma la Chadiza kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 70. Galimoto yakale ngati yathuyi imamwa pafupifupi malita 10 pa makilomita 100, choncho kupita ndi kubwerera ndi malita 14 kapena kuposerapo. Gawani mtengo wa dizilo ameneyo pa matumba 20, muonjezepo oyilo, matayala ndi msonkho, ndipo mudzaona kuti chimanga chopita ku depoti ya FRA yapafupi chimayenda motchipa pa ngolo ya ng'ombe. Pamene vaneti imabweza ndalama ndi pa zinthu zosachedwa kuonongeka ndi zamtengo, monga tomato, kabichi, mazira ndi nkhuku, ndiponso pamene alimi angapo a kopaletivu asonkha katundu kuti isabwerere yopanda kanthu. Palinso phindu limene sililowa m'buku la ndalama: usiku umene mayi woyembekezera afunika kufika kuchipatala cha pa boma kapena ku Mwami.

Yathuyi tsopano ili ndi kabuku m'kabati ya kutsogolo. Aliyense woyendetsa amalembamo tsiku, makilomita, dizilo ndi katundu, ndipo m'mawa asanalize amayang'ana oyilo, madzi, mafuta a mabuleki ndi mpweya wa m'matayala. Oyilo tidzasintha pa makilomita 5,000 alionse chifukwa cha fumbi la kuno, ndipo ntchito imeneyo idzakhala ya ophunzira a chaka chachiwiri. Chitseko cha kumanzere chikadali chomangidwa ndi chingwe, mpando ukadali ndi fungo la nkhuku, ndipo za utoto komiti yati tidzakambirane tikagulitsa mpendadzuwa. Ophunzira akale amene muli ndi galimoto imene mukuiganizira, bwerani ndi manambala a chesisi ndi injini olembedwa papepala, tidzayambire pamenepo.