Kumanga Nyumba Yopirira Chivomezi

Dziko la Malawi lili m'chigwa cha Rift Valley, chomwe chinapangika chifukwa cha kung'ambika kwa miyala ya pansi pa nthaka, ndipo miyalayi ikatsetsereka mwadzidzidzi nthaka imagwedezeka, kugwedezeka komwe kumatchedwa chivomezi. Mu Marichi 1989 chivomezi chinagwetsa nyumba zambiri ku Salima, pomwe mu Disembala 2009 zivomezi zotsatizana, chachikulu mwa izo cha mlingo wa 6.0, zinachititsa mabanja ambiri ku Karonga kugona m'matenti nyengo ya mvula ili mkati.

Popeza chivomezi chimakankha nyumba cham'mbali, makoma omwe sanalumikizane bwino amalekana pamakona n'kugwa limodzilimodzi, ndipo vutoli limakula kwambiri m'nyumba za njerwa zootcha zomangidwa ndi matope, chifukwa matope akauma sagwira njerwa. Choncho mmisiri ayenera kulowetsana njerwa pakona paliponse, kuyala waya wa bulikifosi pakati pa mizere ya njerwa, komanso kuthira ring'i bimu, yomwe ndi konkire ya zitsulo mkati yozungulira nyumba yonse pamwamba pa zitseko ndi mazenera ngati lamba. Mabanja ena amasiya ring'i bimu pofuna kuti ndalama ikwanire matailosi ndi penti, koma uku n'kulakwitsa, pakuti kukongoletsa kungathe kudikira chaka china pamene ring'i bimu siithiridwa mosavuta denga likakhomedwa kale.

Gebulo, lomwe ndi khoma losongoka la pansi pa denga, limafulumira kugwa kaamba koti limaima lalitali popanda chochirikiza, motero denga lotsetsereka mbali zonse zinayi ndi lodalirika kuposa la gebulo. Mitengo ya denga imangiriridwe ku ring'i bimu ndi waya, osati kupanikiza malata ndi miyala. Mazenera akhale ochepa kukula ndiponso atalikirane ndi kona ndi masentimita osachepera 60.

Simenti ikapezeka, muyeso umodzi usakanizidwe ndi miyeso ya mchenga yosapitirira 6, njerwa zinyowetsedwe zisanamangidwe, ndipo konkire izithiriridwa madzi kwa masiku 7 kuti ikhwime.

Banja lomwe nyumba yake ili ndi ming'alu yodutsa khoma lonse, makamaka pamakona, lisangoimata ndi pulasitala, koma liitane mmisiri wodziwa ntchito kapena lifunse ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo ya boma lawo.